Mlandu wake n'kusamala mayi ake

Boma la America likafuna kupatsa munthu ntchito yoti azidziwa zinsinsi zake, kaya kuusilikali, kuukazembe, kuukazitape kapena kumakampani opanga zida zankhondo, limayamba lamulembetsa fomu yotchedwa SF-86. Ndi chifomu cha masamba oposa 100, ndipo wonama polemba atha kukaseweza kundende zaka zisanu. Zambiri zimene amafunsamo n'zomveka: ngongole, mowa, chamba, milandu ya kupolisi, kumene munthu wakhala akugwira ntchito. Koma amene makolo ake ali kunja akafika pa gawo la abale, amaona kuti nkhani yasintha. Mayi ako ndi nzika ya dziko liti? Unalankhula nawo liti komaliza? Mumalankhulana bwanji, pafoni, pakalata, paintaneti kapena pamaso? Kangati, tsiku ndi tsiku, sabata ndi sabata, mwezi ndi mwezi, kapena kamodzi pachaka? Amagwira ntchito kuti, ndipo kumeneko kukukhudzana ndi boma? Bambo, achimwene, achemwali ndi apongozi, onse alembedwe chimodzimodzi. Patsogolo pake pali funso lina: kodi unathandizapo ndi ndalama munthu amene si nzika ya America? Tchula dzina lake, ndalama zake zingati, ndipo umatumiza kangati.

Kufunsa si kulakwa. Boma lililonse lili ndi zinthu zoti zikaululika anthu atha kufa, ndipo liyenera kumudziwa bwino munthu lisanamupatse makiyi. Chimene ndikudzudzula ndi zimene amachita nawo mayankhowo. Akuluakulu opereka chilolezo chodziwa zinsinsi amatsata mfundo 13, zimene zinalembedwanso mu 2017. Yachiwiri, yotchedwa Guideline B, imati kulumikizana ndi m'bale wakunja kutha kumumanitsa munthu chilolezo ngati kukubweretsa chiopsezo choti dziko lina lingamunyengerere kapena kumupanikiza kudzera mwa m'baleyo. Kenako imatchula zimene zingamupulumutse. China mwa izo n'chakuti kulumikizanako kukhale kwa apo ndi apo, kongodutsa. China n'chakuti udindo umene munthuyo amaona kuti ali nawo pa m'bale wakeyo ukhale wochepa kwambiri.

Tiyeni tiione bwino nkhaniyi. Ana awiri a bere limodzi, onse nzika za America, onse akufuna ntchito imodzimodzi. Woyamba amaimbira mayi ake Lamlungu lililonse, amatumiza ya mankhwala a shuga mwezi ukatha, ndipo bambo atamwalira anakwera ndege kukaika maliro. Wachiwiri anangoti zii, zaka zikupita, foni ya kumudzi sayankha, maliro anangomva ngati nkhani ya eni. Pa sikelo ya boma, wachiwiriyu ndiye wopepukidwa. Woyambayo ndiye aitanidwe akafotokoze chifukwa chake dziko liyenera kumukhulupirira. Kwathu kuno munthu amene anataya mayi ake omubereka sitimusungitsa ngakhale bokosi la banki m'khonde, chifukwa timadziwa kuti amene wakwanitsa kuiwala bere limene anayamwa sangavutike kuiwala lumbiro. Ku Washington lamulo linalembedwa mozondoka, moti chimene chimaonetsa kuti munthu ngwokhulupirika ndicho chimakhala umboni womutsutsa.

Sindikunena zongoganizira. Unduna wa zachitetezo uli ndi ofesi yotchedwa DOHA, imene imamva madandaulo a anthu a m'makampani ogwira ntchito za boma akamanidwa chilolezo, ndipo zigamulo zake zimaikidwa poyera, mayina a eni ake atachotsedwa. Aliyense atha kuziwerenga. Woweruza amalemba kuti munthuyu wakhala ku America zaka zambiri, ana ake anabadwira komweko, nyumba yake ili komweko, akulu ake kuntchito akumuyamikira, sanaphwanyepo lamulo lililonse la zinsinsi, ndipo zonse za abale ake anaulula yekha. Ukamawerenga umayembekeza kuti wapambana. Kumapeto umapeza kuti wamanidwa, chifukwa mayi ake okalamba ali ku Iran, kapena mlongo wake amagwira ntchito m'boma ku China, kapena apongozi ake ali ku Pakistan. Bungwe lomva maapilo la ofesiyi linanena kalekale kuti kungokhala ndi abale kunja si chifukwa chomumanira munthu, koma lomwelo limatinso m'bale mmodzi yekha atha kukwanira. Limayamba ndi maganizo akuti kulumikizana ndi m'bale wapafupi sikungakhale kongodutsa, komanso kuti munthu amakonda abale a mkazi wake kapena a mwamuna wake, ndipo zili kwa iye kutsutsa zimenezi. Ganizirani munthu wamkulu ataimirira pamaso pa woweruza, ntchito yake ili pachiswe, akuyesetsa kuonetsa kuti apongozi ake sawaganizira kwenikweni. Lamulo lokakamiza munthu kuchita zimenezo n'lochititsa manyazi.

N'zoona kuti ambiri amapatsidwa chilolezocho, makamaka akaonetsa kuti mizu yawo inazama ku America. Koma katundu yense amasenza ndi iwo. Boma likangoonetsa kuti m'baleyo aliko ndithu, lamaliza mbali yake. Munthuyo ndiye aonetse kuti tsiku lina, zinthu zitavuta, sadzagonja. Kodi chimene sichinachitike ungachitsutse bwanji? Ndipo lamulo limati kukayikira kulikonse kukhale mokomera chitetezo cha dziko. Akamaliza kumumana amamuuza, motsatira lamulo la pulezidenti la mu 1960, kuti chigamulochi sichikutanthauza kuti iye ngwosakhulupirika ku dziko lake. Mawu amenewa sagula ufa. Kampani imamuchotsa ntchito, luso limene anaphunzira zaka zambiri silingagwirenso ntchito m'gawo limenelo, ndipo fomu iliyonse yotsatira idzamufunsa ngati anamanidwapo chilolezo. Anzake kuntchito sawerenga chigamulo, amangomva kuti uje boma lamukayikira.

Choipitsitsa n'chakuti chitseko cha khoti n'chotseka. Mu Febuluwale 1988 khoti lalikulu la Supreme Court linagamula mlandu wa Thomas Egan, wantchito wamba pamalo okonzera sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi m'chigawo cha Washington. Nkhani yake sinali ya abale akunja, inali ya milandu yakale ya kupolisi ndi mowa. Koma chigamulocho chinakuta aliyense. Oweruza anati palibe amene ali ndi ufulu wolandira chilolezochi, boma likalakwitsa kuli bwino lilakwitse pomana, ndipo anthu akunja kwa nthambi yopereka chilolezo sangaunike ngati chigamulo chinali cholondola. Kuchokera pamenepo makhoti ang'onoang'ono akhala akubweza anthu odandaula kuti anasalidwa chifukwa cha mtundu kapena chipembedzo, ponena kuti nkhani ya chilolezo saikhudza. Mu 1995 Bill Clinton anasaina lamulo loletsa tsankho la mtundu, khungu, chipembedzo ndi kumene munthu anachokera popereka zilolezozi. Lamulo lomwelo limanena kuti silikupatsa munthu mphamvu yosumira boma. Apilo ilipo, koma imathera m'manja mwa boma lomwelo limene lamumana.

Amene amateteza dongosololi ali ndi mfundo imodzi yolemera, ndipo sindiipeputsa. Pali maboma amene amagwiradi abale kuti apanikize munthu ali kunja. Gulchehra Hoja, mtolankhani wa mtundu wa Uyghur amene ankagwira ntchito ku Radio Free Asia ku Washington, abale ake oposa 20 anamangidwa ku Xinjiang, m'dziko la China, mu 2018 chifukwa cha nkhani zimene iye ankaulutsa. Aliponso akazitape amene anagulitsa zinsinsi ku dziko limene mtima wawo unali: Jonathan Pollard anapereka ku Israel, Larry Wu-Tai Chin ku China, ndipo onse anagwidwa mu 1985. Koma taonani chimene Hoja anachita. Makolo ake ali m'manja mwa apolisi a China, iye anapitiriza kuulutsa, mpaka anakaima pamaso pa aphungu a Congress n'kunena poyera zimene zinachitika. Munthu wopanikizidwa chonchi n'kusagonja waonetsa mtima umene fomu singayeze. Akanakhala kuti akupempha chilolezo, Guideline B ikanamuwerengera abale omangidwawo ngati chiopsezo chachikulu. Choipa chachitidwa ndi boma lankhanza, chilango chikugwera mwana wa ozunzidwawo.

Nanga amene anapwetekadi America kwambiri anali ndani? Robert Hanssen anabadwira ku Chicago, mwana wa wapolisi, munthu wosajomba kutchalitchi, wa FBI. Anagulitsa zinsinsi ku Moscow mwa apo ndi apo kuyambira 1979 mpaka atagwidwa mu 2001, n'kulandira ndalama ndi miyala ya dayamondi, ndipo pa zaka zonse zimenezo sanamuikepo pa makina oyezera bodza. Aldrich Ames wa CIA anabadwira ku Wisconsin, bambo ake analinso a CIA. Anaulula mayina a anthu amene ankathandiza America mkati mwa Soviet Union, ndipo pafupifupi khumi anaphedwa. Anagula nyumba ya madola 540,000 ndi ndalama zapamanja, ankayendera galimoto ya Jaguar pa malipiro a wantchito wa boma, koma zinatenga zaka kuti amugwire mu 1994. Mu 2023, mnyamata wa zaka 21 wa ku Massachusetts, Jack Teixeira, anamwaza zikalata zachinsinsi za nkhondo ya ku Ukraine pa malo ochezera a paintaneti otchedwa Discord pofuna kudzionetsera kwa anzake. Ali kusekondale anaimitsidwapo sukulu chifukwa cholankhula za mfuti ndi mawu oopseza atsankho, koma chilolezo chapamwamba anachilandira. Akulu ake anamuona akulemba zinthu zimene sizinkamukhudza, anangomuchenjeza n'kumusiya. Dyera, ngongole, mkwiyo ndi matama zilibe pasipoti. Nthawi imene ofufuza amathera powerenga kuti munthu waimbira kangati mayi ake ku Lahore ndi nthawi imene sakuyang'ana mwana wa pakhomo amene akutulutsa zikalata.

Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya David Tenenbaum. Iyeyu ndi injiniya wa gulu lankhondo la America ku Warren, m'chigawo cha Michigan, Myuda wosunga chipembedzo chake mosamala, wodziwa Chiheberi. Akulu ake ankamutuma ku Israel pa ntchito zolimbitsa magalimoto ankhondo chifukwa cha chilankhulo chomwecho. Mu 1997 anamuuza kuti akufuna kumukwezera chilolezo chake, choncho akayezedwe pa makina oyezera bodza. Unali msampha. Anzake ena anali atayamba kale kunong'ona kuti ndi kazitape wa Israel. Woyezayo ananena kuti Tenenbaum wavomera kuti anapereka zinsinsi, iye anakana kuti sananene zimenezo, ndipo panalibe mawu ojambulidwa. A FBI anakasecha nyumba yake tsiku la Sabata, banja lake lili pomwepo, ndipo dzina lake linatuluka m'nyuzipepala. Patatha chaka ndi miyezi, oimira boma pa milandu anati palibe umboni womuzengera mlandu. Chilolezo chake anamulanda ndithu, n'kudzamubwezera mu 2003, atachikwezanso kufika chapamwamba. Atasuma, makhoti anathetsa mlandu wake chifukwa boma linati kuuzenga kuulula zinsinsi za dziko. Mu 2008 mkulu wofufuza zolakwika mu unduna wa zachitetezo, atapemphedwa ndi Senator Carl Levin, anapeza kuti chipembedzo cha Tenenbaum n'chimene chinachititsa kuti amulonde mwanjira yachilendo chonchija, ndipo anavomereza kuti zimenezi zikufanana ndi tsankho. Zaka 11 kuti boma linene chimene munthuyo ankanena kuyambira tsiku loyamba. Chinthu chimene anamulembera ntchito n'chomwecho chimene anamukayikira nacho.

Wen Ho Lee, wasayansi wa pamalo ofufuzira zida za nyukiliya ku Los Alamos, wobadwira ku Taiwan, analakwadi: anakopera mafayilo achinsinsi a zida za nyukiliya pamalo osatetezedwa, ndipo anavomera mlandu umodzi umenewo. Koma anamumanga mu Disembala 1999 pa milandu 59, dziko lonse likumuloza kuti ndi kazitape wa China. Anakhala masiku 278 m'chipinda cha yekha, akamatuluka kukawongola miyendo ali mu unyolo. Milandu 58 inathetsedwa, ndipo pomumasula mu Sepitembala 2000 woweruza James Parker anamupepesa m'khoti. Robert Vrooman, yemwe anakhalapo mkulu wolimbana ndi akazitape pamalopo, ananena poyera kuti Lee anamusankha chifukwa cha mtundu wake.

Ngakhale amene apatsidwa chilolezo sakhala atamasuka. Unduna woona za ubale ndi mayiko akunja unali ndi chizolowezi choletsa akazembe ake ena kugwira ntchito m'dziko limene makolo awo anachokera, ngakhale kukhudza nkhani za dzikolo ali ku Washington. Andy Kim, amene ankagwira ntchito mu undunawu ndipo makolo ake anachokera ku Korea, anabadwira ku Boston, anali ndi chilolezo chapamwamba, anakagwira ntchito ku Afghanistan nkhondo ili mkati ngati mlangizi wa akuluakulu a asilikali. Tsiku lina analandira kalata yomuletsa kugwira ntchito iliyonse yokhudza Korea, ntchito imene sanaipemphe n'komwe. Ananena zimenezi poyera mu 2021, ndipo mu 2024 anthu a ku New Jersey anamusankha kukhala Senator. Mu 2023 nduna Antony Blinken inalengeza kuti unduna wake usiya kupereka ziletso zatsopano zoterezi, utachotsa kale zoposa 1,400. Ngati ziletso zoposa 1,400 zinachotsedwa dziko osagwedezeka, zinkateteza chiyani? Zinkangotsekereza anthu odziwa chilankhulo ndi chikhalidwe cha dzikolo kuposa wina aliyense, n'kutumizako ena oyamba kuphunzira moni.

Pa unzika wa mayiko awiri zinthu zinasinthako. Kuyambira mu 2000 unduna wa zachitetezo unkalamula kuti wofuna chilolezo apereke pasipoti yake yachiwiri kapena aiwononge. Mfundo za mu 2017 zinafewetsa zimenezi: kukhala nzika ya mayiko awiri pakokha sikumanitsa munthu, bola aulule, ndipo polowa ndi potuluka mu America agwiritse ntchito pasipoti ya America. Kusinthaku n'kwabwino, ndipo kukuonetsa kuti kwa zaka 17 anthu ankakakamizidwa kutaya zikalata zawo popanda chifukwa chenicheni. Komabe kupempha unzika wa dziko lina kudakali pa mndandanda wa zokayikitsa, ndipo kunena kuti ndine wokonzeka kuusiya kudakali pa mndandanda wa zopulumutsa. Izi zikukhudzanso ana athu. Zambia inalola unzika wa mayiko awiri mu 2016, nyumba ya malamulo ya Malawi inavomereza mu Disembala 2018, ndipo mwana wa Mmalawi amene walowa usilikali wa America, akafuna chiphaso cha kwawo kwa makolo ake kapena akamatumiza fizi ya mng'ono wake ku Dedza, zonsezo azilembe pa fomu ija n'kudikira kuti munthu wosadziwa kumene kuli Dedza aziyeze.

Ife tisadzione oyera pa nkhaniyi. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linasintha malamulo a Zambia kuti wopikisana pa upulezidenti makolo ake onse akhale a dzikolo, n'cholinga chotsekereza Kenneth Kaunda, amene makolo ake anachokera ku Nyasaland. Munthu wobadwira ku Chinsali, amene analamula dzikolo zaka 27, mu 1999 khoti la ku Ndola linamugamula kuti alibe dziko, ngakhale chigamulocho chinathetsedwa pambuyo pake. Matendawa ndi amodzi: kuyeza mtima wa munthu poyang'ana kumene kuli manda a agogo ake.

America ikuwadziwa matendawa kuposa ife. Mu 1942 inatsekera m'makampu anthu pafupifupi 120,000 ochokera ku Japan, awiri mwa atatu aliwonse ali nzika zobadwira konko, popanda mlandu. Mu 1943 inawapatsa fomu yowafunsa ngati akulumbira kusiya kumvera mfumu ya Japan, anthu amene ambiri mwa iwo sanaimverepo n'kale lonse. Ana awo anatuluka m'makampu omwewo kukafera dzikolo ku Italy ndi ku France. Mu Ogasiti 1988 Ronald Reagan anasaina lamulo lopepesa ndi kupereka madola 20,000 kwa aliyense amene anali moyo, ndipo lamulolo linavomereza kuti gwero lake linali tsankho, mantha a nkhondo ndi kulephera kwa atsogoleri. Chaka chomwecho, miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyo mwake, n'chimene khoti linatseka chitseko pa mlandu wa Egan. Dzanja lina linkapepesa chifukwa chokayikira anthu pa magazi awo, lina likuchotsa woweruza amene akanaletsa kuti zisachitikenso.

Njira yolungama ilipo ndipo si yovuta. Munthu ayezedwe pa zimene wachita: ngati wabisa, ngati wanama, ngati walandira ndalama zosadziwika kochokera, ngati waphwanya malamulo a zinsinsi. Amene waulula yekha za abale ake aonedwe kuti wachita bwino, aphunzitsidwe chochita wina akadzamuopseza, ndipo adziwe kuti akakanena sadzachotsedwa ntchito, chifukwa wantchito amene akuopa kuti kuulula kumudyetsa ntchito ndiye amene mdani amamugwira mosavuta. Boma likati pali chiopsezo, litchule chiopsezocho pa munthu ameneyu, osangotchula dzina la dziko. Ndipo aphungu a Congress, amene ali ndi mphamvu yosintha zimene chigamulo cha Egan chinasiya, alole kuti wodandaula za tsankho akamvedwe ndi woweruza woima payekha. Makhoti a America amazenga kale milandu ya akazitape ndi zigawenga popanda kuulula zinsinsi, pansi pa lamulo la mu 1980, choncho sangalephere kumva dandaulo la injiniya mmodzi.

Inu amene muli ndi mwana ku America ndipo walandira fomu imeneyi, muuzeni alembe zoona zokhazokha, asabise m'bale ngakhale mmodzi, ndipo akalandira kalata yomumana afunefune loya wodziwa milandu yotereyi masiku oyankhira asanathe. Koma asasiye kuimbira mayi ake pofuna kusangalatsa ofufuza. Iye sanalakwe, lolakwa ndi lamulolo, ndipo ndilo liyenera kusintha.